Makhadi a Modern Witch Tarot: ndakhala nawo miyezi itatu, maganizo anga ndi awa

Ndiyambe ndi dzinalo chifukwa ndikudziwa ena mwadzidzimuka kale. Eee pabokosi palembedwa Witch, ndipo kwathu mawu oti mfiti si osewera nawo, nane ndinaima kaye mushopu muja kuno ku Leeds bokosi lili m'manja ndikuganiza kuti amayi atandiona angati chani. Koma ine ndimajambula, ndinagula chifukwa cha zithunzi basi, zoombeza sindipanga. Komanso tarot sinayambe ngati ula ayi. Inayamba ku Italy m'zaka za m'ma 1400 ngati njuga wamba ya anthu olemera a ku Milan ndi Ferrara, zoloserazi zinabwera mochedwa m'ma 1700 ku France, ndipo mpaka lero ku France komweko anthu amaisewera patebulo ngati mmene timasewerera njuga kwathu.

Paketi yonse ya tarot imakhala ndi makhadi 78, akuluakulu 22 kenako ena 56 ogawidwa panayi, ndodo, makapu, malupanga ndi makobidi. Amene Lisa Sterle wajambula mwatsopanowa, omwe anatuluka mu 2019, akutsatira paketi yakale ya Rider-Waite-Smith ya 1909 imene anajambula Pamela Colman Smith ku London. Mayi ameneyu ndimamulemekeza kwambiri, anajambula yekha makhadi onsewo, ngakhale ang'onoang'ono omwe m'mapaketi ambiri akale ankangokhala makapu asanu kapena malupanga atatu opanda munthu iye anawapatsa anthu ndi nkhani, koma kwa zaka zambiri paketiyo inkangotchedwa Rider-Waite, dzina lake osatchulidwa.

Nde chomwe chandisangalatsa ndi choti Sterle sanagumule nyumba ya Pamela. Kakhalidwe ka munthu pakhadi, komwe dzanja laloza, mitundu yowala ija yachikasu ndi yabuluu, zonse zilipo. Wasintha anthuwo. Onse ndi azimayi kapena ooneka achizimayi ngakhale mafumu amene, ena akuda bii ngati ine, ena oyera, ena ojintcha ena ochepa thupi, tsitsi lathu lomweli lachilengedwe, zovala zoti ungakumane nazo mubasi mawa m'mawa. Ndinawayala pabedi tsiku loyamba, akale mbali iyi atsopano mbali iyo, ndinakhala pamenepo mpaka tiyi anazizira.

Khadi lomwe linandigwira mtima ndi la malupanga 10. Pakale paja munthu wagona chafufumimba malupanga khumi ali kumsana, kumwamba kuli mdima, zake zatha. Apa mtsikana wagona pansi malupanga omwewo amubaya koma foni ili m'manja akuyang'anabe pa sikirini. Abale, amene munakhalapo kunja kuno mukuvutika koma mukuyankha mameseji akumudzi kuti tili bwinobwino musadandaule, chithunzi chimenechi muchimva popanda wokufotokozerani. Ine misozi inalengeza. High Priestess, mkulu wa ansembe wamkazi, naye m'malo mwa mpukutu womwe wanyamula pakhadi lakale, apa wanyamula laputopu pamiyendo, ndipo pakhadi la Chariot, kutanthauza ngolo, palibenso ngoloyo, mkazi ali pa njinga yamoto. Sizinaikidwe mongokometsera ayi, ukaganiza bwino laputopu ndi momwe masiku ano timasungamo zinsinsi ndi nzeru zathu, nde yakhala pamalo pake.

Pali makhadi ena ochepa omwe ndikuona kuti anatsatira akale kwambiri moti ukawayang'ana umangoti ndi omwe aja angosintha zovala, ndikanakonda akanalimba mtima ngati mmene anachitira ndi malupanga 10 aja. Koma ndi ochepa.

Kumbali ya kapangidwe, bokosi ndi lolimba ndithu, lakhala likuyenda m'chikwama changa koma silinaphwanyike m'makona. Muli kabuku kakang'ono ka chikuto cholimba kofotokoza khadi lililonse mwachidule, m'Chingerezi chosavuta. Makhadiwo ndi okhuthala komanso onyezimira, kwa ine amene ndimawayala patebulo n'kumakopera mizere ndi pensulo zimenezi ndi zabwino, sapindika wamba. Koma ngati mukufuna oti muziwasakaniza mwachangu ngati njuga dziwani kuti ndi akulu kuposa njuga zathu zija ndipo paketi yonse imadzaza dzanja, a manja ang'onoang'ono muyambe mwaigwira kaye mushopu musanalipire. Samalaninso ndi otchipa kwambiri a pa intaneti, makhadi otchuka ngati awa anthu amawakopera, mitundu imatuluka yofuwa komanso wojambula sapezapo kanthu.

Kodi ndingagulenso? Eya, ndipo ndagula kale paketi yachiwiri ya mwana wa achemwali anga amene akuphunzira zojambula, ndikufuna aone mtsikana wa khungu lofanana ndi lake atakhala pampando wachifumu. Ndamuuza kuti ayambe ndi khadi la malupanga lija, alijambule yekha ndi pensulo anditumizire pa WhatsApp.