Atorvastatin amatsitsadi mafuta oipa m'magazi, bola osasiya kumwa

Pa mankhwala a gulu la statin, otsitsa mafuta a m'magazi otchedwa kolesterolo, amene amapezeka m'mafamase, atorvastatin ndi amene ndimawavomereza mosakayika dokotala akawalemba. Poyamba ankagulitsidwa pa dzina la Lipitor, koma tsopano makampani ambiri akupanga otsika mtengo, ndipo mankhwala a mkati mwa piritsi ndi omwewo.

Ntchito yake imachitikira m'chiwindi. Amatseka njira imene chiwindi chimapangira kolesterolo, ndiye chiwindicho chimayamba kukoka LDL, mafuta oipa aja, kuchokera m'magazi. Piritsi la 10 mg patsiku limatsitsa LDL ndi pafupifupi 37 pa 100, la 20 mg ndi 43, la 40 mg ndi 49, la 80 mg ndi 55. Munthu amene LDL yake ili pa 5.0 mmol/L (muyezo wa mafuta m'magazi), 20 mg imamutsitsira kufika cha pa 2.9. Ichi si chochepa, chifukwa 1 mmol/L iliyonse yotsika imachepetsa chiopsezo cha sitiroko ndi matenda a mtima ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Koma onani kuti kuwirikiza mlingo kumangowonjezerapo 6 pa 100 basi. Mafuta akakana kutsika, nthawi zambiri kuphatikizapo ezetimibe wa 10 mg, mankhwala ena otsitsa kolesterolo, kumathandiza kuposa kungokweza mlingo.

Chimene atorvastatin amaposera simvastatin, statin wina, n'chakuti amakhalitsa m'thupi, choncho mutha kumwa m'mawa kapena madzulo, bola tsiku lililonse. Kayezetseni magazi pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Zotsatira zikabwera zabwino, amati achira, botolo n'kuliponya m'kabati. Pakangotha milungu ingapo LDL imabwerera pomwe inali, mwiniwake osamva kalikonse.

Uzani dokotala mankhwala onse amene mukumwa. Clarithromycin, mankhwala opha mabakiteriya, komanso ma ARV okhala ndi ritonavir, amachulukitsa atorvastatin m'magazi, pamene rifampicin wa TB amamufooketsa. Ma ARV a TLD alibe naye vuto. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asamwe.

Ena amamva kuphwanya m'ntchafu ndi m'mapewa mbali zonse ziwiri. Kutsitsa mlingo kapena kusinthira ku statin wina, rosuvastatin, kumathetsa vutoli kwa ambiri. Koma minofu ikamawawa kwambiri, thupi n'kufooka, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, siyani mapiritsiwo ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa impso zitha kuwonongeka.