Chowotchera nyama cha Wi-Fi, kapena cha makala ndi choyezera chapadera? Yankho langa kwa amene mwakhala mukundifunsa

Chaka chino chokha anthu anayi andifunsa funso limodzi: kodi ndigule chowotchera nyama cholumikizika pa intaneti, chija munthu amachiyendetsa pa foni? Amandifunsa chifukwa akudziwa kuti ndinagulapo chimodzi, ndipo amadabwa akabwera kwathu n'kupeza ndikukoleza makala ngati kale, chija cha Wi-Fi chili pakona chofunditsidwa. Ndatopa kufotokozera mmodzimmodzi, ndiye ndilembe pano kamodzi.

Njira zenizeni zilipo zitatu. Yoyamba ndi chowotchera cha ma pellet, timibulu ta utuchi wa mitengo yolimba tomwe makina amatithira okha pamoto. Yachiwiri ndi cha makala koma chobwera ndi fani ndi kakompyuta kake, monga Masterbuilt Gravity Series kapena Konnected Joe ya Kamado Joe. Yachitatu ndi chowotchera wamba cha makala chokhala ndi chivundikiro, n'kugula padera choyezera kutentha cholankhula ndi foni kapena ndi kawailesi kake. Za gasi zokhala ndi app sindichedwapo, chifukwa zambiri mwa izo app imangowerenga kutentha, moto mumapotokola nokha.

Ndiyambe ndi cha ma pellet, ndipo ndichiyamikire kaye pomwe chikuyenera. Nzeru yake ndi ya Joe Traeger wa ku Oregon, amene anatenga patenti, chiphaso choletsa ena kupanga zofanana nazo, mu 1986. Patentiyo itatha mu 2006 makampani ambiri analowa pamsika, n'chifukwa chake lero zilipo zamitundumitundu. Kagwiridwe kake n'kofanana konse. Chitsulo chozungulira ngati sikuluwu chimakoka ma pellet kuchoka m'bokosi kupita m'kapoto kamoto, kachitsulo kotentha ndi magetsi kamayatsa, fani imauzira mpweya, ndipo kakompyuta kamawerenga kutentha n'kusankha kuti kathire ma pellet ochuluka bwanji. Mukachiuza kuti chikhale pa madigiri 110 a Celsius, chimakhaladi pafupi pomwepo maola ambiri osachigwira. Pa nyama yofuna moto wochepa wa nthawi yaitali, monga chidale cha ng'ombe kapena phewa la nkhumba, zimenezi n'zothandiza kwambiri, ndipo miyezi yoyamba ndinkachikonda ndi mtima wonse.

Tsopano nkhani imene inandisintha maganizo. Dzina la kampani ndilisiya, chifukwa vutoli lili m'kapangidwe ka zinthu zamtunduwu ndipo likhoza kuchitika ndi chilichonse cha izo.

Tinali ndi alendo masana a Loweruka. Lachisanu usiku cha m'ma 10 koloko ndinaika chidale cha ng'ombe cha makilogalamu pafupifupi asanu, ndinadzaza bokosi la ma pellet, ndinabaya kasingano koyezera m'nyama, ndinatchera alamu pa app kuti foni ilire kutentha kukatsika pansi pa madigiri 95. Ndinayang'ana kawiri ndisanagone, zonse zili bwino. Chimene ndinachigulira chinali chimenechi basi, kuti ndigone tulo nyama ikupsa.

Ndinadzuka cha m'ma 6, n'kutsegula foni ndili pabedi. App inkaonetsa madigiri 110 m'chowotchera ndi 68 m'nyama. Sindinadabwe ndi 68 ameneyo, chifukwa nyama yaikulu imaima maola angapo pakati pa madigiri 65 ndi 75, pomwe madzi otuluka pamwamba pake akuuma n'kuiziziritsa monga thukuta limaziziritsira thupi. Ndinaganiza kuti ili pa siteji imeneyo. Nditatuluka panja ndinapeza chivundikiro chili chozizira ngati mwala. Moto unali utazima kalekale. Ma pellet anali atakumbika dzenje pakati pa bokosi, otsala atakakamira m'mbali, sikuluwu ija ikuzungulira popanda kanthu mpaka moto kuzima. Ena atagumuka pambuyo pake anathiridwa m'kapoto kozima mpaka kusefukira. Ndipo chowotcheracho chinali chitaduka pa Wi-Fi pakati pa usiku. App sinandiuze kuti yasiya kumva. Inangosunga nambala yomaliza imene inalandira, n'kumandionetsa ngati ndi ya nthawi yomweyo.

Nditabaya nyama ndi choyezera chapamanja inali pa madigiri 38. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi pomwe tizilombo timaswana msanga m'chakudya, ndipo ine ndinalibe njira yodziwira kuti nyamayo yakhala mmenemo maola awiri kapena asanu. Sindikanaipereka kwa ana a anthu. Ndinaitaya yonse. Mpaka lero ndikakumbukira zimandiwawa, osati chifukwa cha ndalama yokha, koma chifukwa chida chimene ndinachikhulupirira chinandionetsa nambala yabodza. Moto kuzima ndikhoza kukhululuka, makala nawonso amazima. Koma pa makala ndimadziwa kuti mlonda ndine, ndiye ndimadzuka kukaona. Apa ndinali nditapereka ulonda kwa foni, foniyo n'kukhala chete.

Chenjezo limodzi kwa amene muli nacho kale: moto ukazima motere musangoyatsanso. Chotsani kaye ma pellet onse odzaza m'kapoto, chifukwa akayaka pamodzi amatulutsa utsi wambiri umene ungabuke mwamphamvu mkati mwa chivundikiro.

Nditafufuza ndinamvetsa mmene uthenga umayendera. Sumachoka pa chowotchera kubwera pa foni mwachindunji. Umapita pa rauta ya m'nyumba, kuchoka apo ku makompyuta a kampani, kenako n'kubwerera ku foni yanu, ngakhale mutaima mamita atatu kuchoka pamoto. Pena paliponse pakaduka, alamu silira. Onjezani kuti zambiri mwa zowotcherazi zimangolumikizika pa Wi-Fi ya 2.4 GHz, ndipo zimakhala panja, kuseri kwa khoma, kaeriyo kake katazunguliridwa ndi chitsulo. Mufunikanso akaunti, ndipo tsiku lina mukufuna kuyatsa chimakuuzani kuti chiyambe chalandira pulogalamu yatsopano.

Ndalama zobisika nazo zilipo, ndipo wogulitsa sanazitchule. Ma pellet amapita pafupifupi theka la kilogalamu pa ola pa moto wochepa, ndipo amaposa kilogalamu pa moto waukulu, choncho thumba la makilogalamu 9 silichedwa. Akangonyowa pang'ono amafufuma n'kuuma ngati simenti mkati mwa sikuluwu, ndipo kuwachotsa ndi ntchito ya tsiku lathunthu ndi masipanala. Popanda magetsi sichigwira ntchito ngakhale pang'ono, palibe njira yoyatsira ndi machesi n'kupitiriza. Koma chimene chinandimaliza ndi kakompyuta kake. Kanafa chitsimikizo cha kampani chitangotha, chitsulo chonse chikadali chabwinobwino. Kopanda kabokosi kameneko chowotchera chonse ndi mgolo chabe. Ndinagula kena, koma ndinayamba kudzifunsa kuti kampani ikadzasiya kupanga kamtunduwu, kapena ikadzatseka app yake, ndidzatani nacho chitsulo cholemerachi.

Pa kakomedwe, utsi wa ma pellet ndi wopepuka, ena amaukonda choncho, ine ndimaufuna wamphamvu pang'ono. Pa kuwotcha mwachangu, zambiri zimalekera cha pa madigiri 260 ndipo moto uli pansi pa chitsulo chotchinga, ndiye nyama yopyapyala siipsa kunja mmene imapsera pa makala oyaka.

Njira yachiwiri, ya makala ndi fani, sindinakhale nayo yanga, koma ndawotcherapo kangapo kwa mnzanga. Kakomedwe ndi ka makala enieni, ndipo imatentha kwambiri mukafuna. Pa Masterbuilt makala amaikidwa m'chibokosi choimirira, amatsika okha akamapsa, fani ndiyo imalamula moto. Palibe sikuluwu yoti ingatsekeke, chimenecho ndi chabwino. Komabe fani ndi kakompyuta zikafa mwagwidwa chimodzimodzi. Konnected Joe imandikopa pa chifukwa chimodzi: ndi mbiya yadothi ya mtundu wa kamado, ndipo mukhoza kuiyendetsa pamanja ndi timazenera ta mpweya ngati magetsi palibe. Ndikanati ndizigulanso chokhala ndi nzeru mkati mwake, ndikanayang'ana chimenechi poyamba. Koma ndi yolemera, dothi limasweka ikagwa, ndipo mtengo wake ndi wa anthu amene atsimikiza mtima.

Njira yachitatu ndi imene ndabwererako, ndipo sindibisa kuti ndili mbali yake. Chowotchera changa chozungulira cha makala ndakhala nacho zaka zoposa khumi. Kapangidwe kake ndi kaja George Stephen anatulukira mu 1952 ku Weber Brothers Metal Works, atadula pakati chitsulo chozungulira choyandama pamadzi, ndipo kuyambira pamenepo sikanasinthe kwenikweni: mbale yapansi, chivundikiro, mabowo a mpweya pansi ndi pamwamba. Mulibe chimene chingafe. Chomwe chinkandisowa kale ndi kudziwa zimene zikuchitika mkati osatsegula, chifukwa kawotchi koonetsa kutentha ka pachivundikiro kamayeza mpweya wakumwamba, osati pawaya pomwe pali nyama, ndipo kusiyana kwake kumakhala kwakukulu.

Apa ndi pomwe zipangizo zamakono zimandithandizadi. Zoyezera zilipo zamitundu iwiri. Zopanda waya, monga Meater, imene kampani ya zowotchera ya Traeger inagula mu 2021, ndi kasingano kamodzi kokhala ndi zoyezera ziwiri, china cha mkati mwa nyama, china cha mpweya wozungulira. N'zabwino pa nyama yozungulira pamtengo, pomwe waya angakulungike. Koma kasinganoko n'konenepa, kamasiya bowo, ndipo kali ndi batire mkati, choncho kali ndi malire a kutentha: pa Meater Plus ndi madigiri 100 kumbali yolowa m'nyama ndi 275 kumbali yotsala kunja. Bluetooth nayo imavutika kudutsa chivundikiro chachitsulo, n'chifukwa chake kabokosi kake kochajira kayenera kukhala pafupi ndi moto kuti kazikankha uthenga. Choyezera mpweya chija chimakhala chogundana ndi nyama yozizira, ndiye poyamba chimawerenga motsika. Nthawi imene app imalosera kuti nyama ipsa musaikonzere alendo, imasintha nyama ikafika poima paja.

Zawaya ndi zimene ndimadalira usiku. ThermoWorks Smoke, mwachitsanzo, sifuna foni, akaunti kapena intaneti. Kabokosi kamodzi kamakhala pamoto, kena mumapita nako kuchipinda, ndipo tiwiriti timalankhulana pa wailesi yawoyawo. Waya amawonongeka mukawapanikiza pamoto wolilima kapena kuwamiza m'madzi potsuka, koma waya wina mumagula yekha, osati chida chonse. Amene mukufuna kuti moto uziyendetsedwa okha, pali mafani omangirira pabowo la mpweya lapansi, monga Billows yogwira ndi choyezera cha ThermoWorks chotchedwa Signals, kapena a FireBoard ndi Flame Boss. Amachita ntchito yomweyo ya kakompyuta ka m'chowotchera chodula, kusiyana kwake n'kwakuti akafa mumamasula, n'kutsegula bowo ndi dzanja, nyama n'kupitiriza kupsa.

Sindikunama kuti njira iyi ilibe ntchito. Muyenera kuphunzira kuyala makala mozungulira m'mphepete kuti aziyaka pang'onopang'ono kuchokera mbali imodzi, kuika mbale yamadzi, kutseka mabowo pang'ono n'kudikira mphindi khumi musanagwirenso. Malo ndi ochepa poyerekeza ndi cha ma pellet. Phulusa mumataya nokha. Mphepo ikawomba moto umasintha. Maulendo awiri kapena atatu oyamba mudzavutika.

Chilichonse chimene mungasankhe, gulani choyezera chapamanja chowerenga m'masekondi ochepa, ndipo muzichiyesa m'madzi a ayezi kuti muone ngati chikuwerenga 0. Nkhuku ifike madigiri 74 pamalo ponenepa, nyama yogaya 71, nthuli zathunthu za ng'ombe kapena nkhumba 63 kenako zipume mphindi zitatu. Chidale chimafewa cha m'ma 93 mpaka 96, koma pamenepo dzanja ndilo limanena, kasingano kakamalowa mosakakamira.

Ndiye kwa inu anayi aja. Amene munati mumawotcha nyama zikuluzikulu mwezi uliwonse ndipo simufuna kugwira makala, gulani cha ma pellet, koma sankhani chimene mabatani ake onse amagwira popanda app, funsani ngati kakompyuta kake kamagulitsidwa padera, sungani ma pellet m'ndowa yotseka, ndipo usiku muziika choyezera chachiwiri chosadalira intaneti. Enanu atatu, amene mumawotcha nkhuku, nsomba ndi nthuli masana muli pomwepo, Wi-Fi mulibe nayo ntchito. Tengani cha makala chokhala ndi chivundikiro chabwino ndi choyezera chawaya, ndalama yotsalayo mugulire nyama. Changa cha ma pellet ndimachiyatsabe mwina kawiri pachaka, masana okhaokha, ine ndili pakhomo.