PMDG 777-300ER: ndege ya amene akufuna maola 8 mumlengalenga ali pakhomo

Ndege zambiri za mu Microsoft Flight Simulator, pulogalamu ya pa kompyuta yoyeserera kuulutsa ndege, zimakoma pa ulendo wa ola limodzi. Zina mwa izo, mukaziulutsa maola 8 kapena 12, mumayamba kuona mafuta akusemphana ndi mawerengero, kapena autopilot ikugwedeza mapiko mphepo ikangosintha. Boeing 777-300ER ya kampani ya PMDG, yomwe inatuluka mu June 2024 pa mtengo wa madola 77.73, inapangidwira maulendo aatali otere, ndipo tiyiyeza pa ntchito imeneyo.

Ndege yeniyeniyo inayamba kunyamula anthu mu 2004 ndi Air France. Ndi yaitali mamita 73.9, mapiko ake amatambasuka mamita 64.8, ili ndi injini ziwiri za GE90-115B. Imaloledwa kunyamuka ikulemera mpaka matani 351.5, koma potera isapitirire matani 251.3. Kusiyana kwa matani 100 kumeneku ndiye nkhani yonse ya ulendo wautali: imanyamuka ili chimtolo chovuta kukwera, imakatera itapepuka ngati ndege ina. PMDG yaipanga kuti kusinthaku muzikumva m'manja.

Ulendo wabwino woyambira ndi wa Dubai kupita ku Johannesburg, womwe Emirates imauyendanso ndi mtundu womwewu. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 6,400, maola cha mu 8. Mzere wolunjika pakati pa mizinda iwiriyi umadutsa cha kummwera kwa nyanja ya Malawi, choncho tsiku limene njira yatsata mzerewo kuli kowala, nyanjayo mumaiona bwinobwino pawindo.

Ndondomeko ya ulendo imakonzedwa pa SimBrief, webusaiti yokonzera maulendo a ndege, yomwe ndi yaulere. Ndegeyi imatenga njirayo yokha kudzera pa tabuleti ya m'chipinda cha oyendetsa ndi pa tsamba la RTE la FMC, kompyuta yoyendetsera ulendo m'ndegemo, ndiye simuvutika kulemba malo onse odutsa ndi dzanja. Apa pali mbuna ziwiri. Yoyamba ndi miyezo: SimBrief ikakhala pa makilogalamu, ndege ili pa mapaundi, mudzathira mafuta osakwana theka la ofunika. Yachiwiri ndi mndandanda wa njira za mumlengalenga, AIRAC, womwe umasintha masiku 28 alionse. Ngati SimBrief ili ndi wakale pomwe ndege ili ndi watsopano, FMC imakana njira zina nkusiya mipata mu LEGS, tsamba la malo onse odutsa. Kulipira Navigraph, kampani yogulitsa AIRAC watsopano, kumathetsa vutoli. Amene salipira ayenera kupenda tsamba la LEGS mzere ndi mzere asanayatse injini.

Pa nkhani ya mafuta ndi pamene ndegeyi imaonetsa mtengo wake. Matanki onse amatenga malita 181,283, omwe ndi matani pafupifupi 145. Thanki ya phiko lililonse imatenga matani cha mu 31, otsalawo amapita m'thanki yapakati. Ulendo wa ku Johannesburg umadya matani 7 mpaka 8 pa ola, ndiye mukaphatikiza osungira, mumathira cha mu matani 70, kutengera katundu ndi mphepo ya tsikulo. Zikatero mapiko amadzaza, matani ochepa nkulowa pakati. Mapampu a thanki yapakati muwayatse musanayambe ngati muli makilogalamu oposa 4,800. Ndege imayamba kumwa apakatiwo, ndipo uthenga wa FUEL LOW CENTER ukatuluka, mapampuwo azimitsidwe.

Chinthu chimene ambiri amadumpha ndi mphepo. FMC ikapanda kupatsidwa mphepo za m'njira, nthawi yofikira ndi mafuta otsala zomwe imalosera zimasochera, ndipo mutha kuona INSUFFICIENT FUEL mafuta ali okwana, kapena choipa kuposa apo, osauona pamene akupereweradi. Lowani pa LEGS, kenako RTE DATA, mupemphe mphepo, muzilowetse, mutsimikize ndi EXEC. Muchitenso chimodzimodzi ndi mphepo za potsika pa tsamba la DES FORECAST. Mukatero, nambala za pa PROGRESS zimayenda pafupi kwambiri ndi pepala la SimBrief ulendo wonse. Yerekezani ziwirizi ola lililonse. Kusiyana kukamakula, nthawi zambiri ndi kulemera kolembedwa molakwika pa PERF INIT.

Ponyamuka, ikani flaps 5 kapena 15, ndipo nambala za liwiro lonyamukira, V1, VR ndi V2, muzitsimikize pa TAKEOFF REF chifukwa zikangosiyidwa sizioneka pa chionetsero cha liwiro. Mukadina TO/GA, batani lonyamukira, autothrottle imakankha injini, ndipo pa ma knot 80 imalowa HOLD, kutanthauza kuti yasiya throttle, chogwirira cha mphamvu ya injini. Throttle yapakhomo yokutha, yomwe imanjenjemera payokha, ikhoza kuchepetsa mphamvu pa nthawi imeneyi inu osadziwa. Mu PMDG SETUP muli posankha nthawi imene throttle yanu iloledwa kulanda ulamuliro. Konzani zimenezo musanafike pa msewu wonyamukira. Mphuno muidzutse pang'onopang'ono, madigiri awiri pa sekondi, chifukwa thupi lalitali chotere silichedwa kukhudza mchira pansi.

Kagwiridwe kake pamanja kamadabwitsa amene anazolowera Airbus. Pa 777, trim, chochepetsera mphamvu yogwirira chiwongolero, imasankha liwiro limene ndege ikufuna kukhalapo. Mukasintha liwiro muyenera kusintha trim, koma potsitsa flaps kapena kuonjezera mphamvu, makompyuta a ndege amadzikonzera okha. Amene amalimbana ndi trim pa chilichonse amangoyambitsa kuvina kwa mphuno.

Ndege yolemera siingakwere msanga. Ikadzaza kwambiri imayambira cha pa FL300 kapena FL320, kutanthauza mapazi 30,000 kapena 32,000, pa liwiro la Mach 0.84, nkumakwera masitepe mafuta akamachepa. Tsamba la VNAV CRZ limaonetsa misinkhu itatu youlukirapo: OPT (wabwino koposa), MAX (wapamwamba kwambiri) ndi RECMD (wolangizidwa). Musathamangire MAX: pamenepo mpata pakati pa liwiro lochepa ndi lopyola ndi waung'ono, ndipo nyengo ya pa intaneti ya simulator ikasintha kutentha mwadzidzidzi, liwiro limagwa injini zili kale pamapeto.

Chomwe chimaipambanitsa ndegeyi kwa munthu wa ntchito ndi banja ndi tsamba la AUTO CRUISE. Limatha kukwera masitepe palokha, kuimitsa simulator ndege isanayambe kutsika, ndi kufulumizitsa nthawi pakati pa ulendo. Kufulumizitsa kwa PMDG nkwabwino kuposa kwa simulator chifukwa kumadzibweza pamene ndege ikufunika kukhazikika. Komabe kompyuta yofooka isakakamizidwe: zithunzi zikamadukiza, autopilot imalandira mawerengero ochepa ndipo ndege imayamba kukwera ndi kutsika ngati bwato pa mafunde. Kufulumizitsa kawiri kapena kanayi nkokwanira kwa ambiri. Dziwaninso kuti nyengo ya pa intaneti siithamanga nanu limodzi, choncho mukafika msanga mupeza nyengo ya nthawi yeniyeni, osati yomwe inaloseredwa pa ola lofikira.

Maulendo aatali ambiri amafera pa kompyuta, osati m'ndege. Letsani Windows kugona ndi kudziyambitsanso chifukwa cha update. Zimitsani njira yopulumutsa magetsi pa USB, chifukwa imadula chiwongolero chikakhala maola osagwiridwa, nkudzazindikira muli pafupi kutera. Kumene magetsi amathimathima, UPS, batire yosungira magetsi a kompyuta, ndi yofunika kuposa chiwongolero chodula, ngakhale kuti yaing'ono imangokupatsani mphindi zochepa zosungira ulendo. Pa bandulo ya intaneti, zimitsani photogrammetry, yomwe imakopera zithunzi za mizinda, ndipo ikani malire a data. Pa mapazi 36,000 simutaya kanthu kooneka.

Zofooka zilipo. Inatuluka yopanda radar ya nyengo, chinthu chopweteka pa njira yodutsa equator komwe mitambo ya mabingu imatalika kwambiri. Tabuleti yake imagwira ntchito koma ndi yosauka poyerekeza ndi ndege yonseyo. Ndipo mtengowo ndi wa 777-300ER yokha. 777F ndi 777-200ER zimagulidwa pazokha. Kwa amene amauluka maulendo a ola limodzi, ndalamayi ndi yochuluka pa zinthu zimene sadzazigwiritsa ntchito. Kwa wa maulendo aatali, ife tikuti gulani, ndipo pogula onetsetsani kuti mwasankha yogwirizana ndi simulator yanu, ya 2020 kapena ya 2024.

Kutsikira ku O. R. Tambo, bwalo la ndege la ku Johannesburg, kumafuna maso. Bwaloli lili pa mapazi 5,558 pamwamba pa nyanja, ndiye pochokera pa FL380 muli ndi mapazi pafupifupi 32,000 oti mutsike, mtunda wa ma nautical mile cha mu 100, kuonjezapo wochepetsera liwiro. Tsitsani nambala ya mapazi pa MCP, malo a mabatani a autopilot, musanafike pa T/D, poyambira kutsika, apo ayi ndege ipitirira osatsika nkukulemberani RESET MCP ALT. Mapiko a 777 ndi oterera, sataya liwiro msanga. DRAG REQUIRED ikaoneka tulutsani speedbrake pomwepo, musadikire. Mpweya wa ku Johannesburg ndi wopepuka, choncho ngakhale chionetsero chikuwerenga liwiro lozolowereka, pansi mukuthamanga kwambiri ndipo msewu umatha msanga. Gwiritsani flaps 30, autobrake 3, muyambe kudzutsa mphuno pang'ono cha pa mapazi 30. Chipinda cha oyendetsa chili pamwamba kwambiri, ndiye khulupirirani mawu owerenga mapazi koposa maso anu, chifukwa matayala akumbuyo amagunda pansi inu mukuona ngati mudakali m'mwamba.