Makina opondapo a magetsi aja, zomwe ndaona pa miyendo ya amayi anga

Ambiri amene tili kunja kuno tikutumiza makinawa kumudzi kwa makolo, nde ndati ndilembe zomwe ndaona pa amene ndinagulira amayi anga kuti wina asanatulutse ndalama adziwe chomwe akugula. Pa miyendo yolemera ndi akakolo otupa chifukwa chokhalitsa pansi amathandiza ndithu, pa kukokana kwa minyewa kwa usiku kuja amathandiza pang'ono chabe, koma pa nyamakazi ya m'mawondo ine sindinaone chosintha. Komanso pali anthu ena oti sayenera kupondapo n'komwe, ndipo zimenezo ogulitsa ambiri sakuuzani.

Chinthucho ndi chimbale cha pulasitiki choika pansi, chili ndi malo awiri oikapo mapazi. Umakhala pampando, kuvula nsapato ndi masokosi, kuponda mapazi onse awiri, kenako chimatumiza timagetsi tochepa kwambiri m'mapazimo mpaka akatumba amayamba kukungika n'kumasuka okha iwe uli phee. Sichitenthetsa, sichisisita, ena amaganiza kuti ndi cha masaji koma ayi. Kuno ku UK otchuka ndi a Revitive, a kampani ya Actegy, amawalengeza pa TV ndipo m'masitolo a Boots ndi Argos amapezeka, ena mtengo wake umadutsa £300. Ine ndinagula pa intaneti otchipa opanda dzina lodziwika, osakwana £100, nde zomwe ndikunena apa ndi za amenewo, olo kuti kagwiridwe kake ka ntchito ndi kofanana.

Nkhani yake ili apa. Magazi kutsika kupita kumapazi savutika chifukwa mtima ukuwakankha, vuto ndi pobwerera kumtunda. Amene amagwira ntchito yowakweza ndi akatumba, ukamayenda amafinya mitsempha ya magazi ndipo m'mitsemphamo muli timavavu toletsa magazi kubwereranso pansi. Zili ngati mjigo, ukasiya kupopa madzi sakwera. Nde munthu wamkulu amene mawondo akumupweteka amasiya kuyenda, amangokhala pakhonde tsiku lonse, madzulo mapazi atupa miyendo ikulemera. Makinawa amangokupopera pamene iwe wakhala, basi, palibenso china chodabwitsa chimene amachita.

Amayi anadutsa zaka 70, amakhala ku Zomba ndi mng'ono wanga, ali ndi BP koma shuga alibe. Nditapita nawo kumudzi ndinakhalako kanthawi ndikuona ndekha, pano mng'ono wangayo ndi amene amandiuza pa WhatsApp mmene zikuyendera. Poyamba ankaopa, ndipo sindikuwadzudzula, munthu wakula akuuzidwa kuti magetsi amapha nde lero mwana akuti pondani apa. Tinayambira pansi penipeni. Mphamvu yake imayambira pa 1 mpaka 99, koma tinakwera mpaka pakati iwo akuti sakumva kanthu, pamene ine ndikaponda ndinkayamba kumva kunyerenyetsa ndisanafike patali. Chinali chikopa, mapazi a amayi ndi ouma, a ming'alu, chidendene cholimba ndi ntchito za kumunda za zaka zonsezi, magetsi samadutsa bwino pa khungu louma choncho. Titayamba kuwaviika kaye m'madzi ofunda, kupukuta bwinobwino n'kupaka loshoni yopepuka, zinasintha. Mafuta olimba a Vaseline aja musapake musanaponde, amatchinga. Ndipo cholinga si kungomva kunyerenyetsa ayi, mukweze mpaka muone ndi maso katumba akudumphadumpha koma osapweteka, zikapanda kufika pamenepo mwangotaya nthawi. Amachita 30 minitsi madzulo akumvera wailesi.

Pa kutupa ndiye ndikhoza kuchitira umboni. Nsapato zawo zakuda zovala ku Mvano zinali zitayamba kuthina, akavula masokosi pamatsala mzere wolowa mkati pa kakolo, pano zikulowa bwino ndipo amati miyendo ikupepuka pogona. Koma akadumphitsa masiku angapo, kaya kuli maliro kaya magetsi avuta, kutupa kumabwerera. Nde musaganize kuti mugula, agwiritse mwezi umodzi achire, ayi, ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku.

China chimene tinadziwa titapita nawo kuchipatala ndi mapiritsi awo onse m'jumbo ndi choti amlodipine amene amamwa wa BP uja amatupitsa akakolo kwa anthu ambiri, ndipo mapiritsi okodzetsa monga HCTZ ndi furosemide kwa ena amabweretsa kukokana kwa minyewa, chimodzimodzi aja otsitsa mafuta m'magazi. Adokotala anaona zoti asinthe ndi zoti asiye momwemo. Chonde musawasiyitse mankhwala a BP nokha chifukwa mwawerenga apa, sitiroko si yocheza nayo, ingotengani mankhwala onse mukawaonetse.

Tsopano kukokana kwa usiku, kumene kunali chifukwa chenicheni chogulira. Amene anaonapo kholo likudzuka pakati pa usiku likukuwa katumba wauma gwa akudziwa, zimatenga masekondi mwina mpaka 10 minitsi, m'mawa mwendo ukuwawabe. Atayamba makinawa kunachepako koma sikunathe. Chimene chinasintha zinthu kwambiri ndi chaulere, kuwongola akatumba asanagone. Amaima moyang'ana khoma, manja pakhoma, mwendo umodzi kumbuyo uli wowongoka chidendene chili pansi, n'kutsamira kutsogolo mpaka amve katumba akukokeka, kuwerenga pang'onopang'ono kenako kusintha mwendo. Masiku amene mawondo avuta amakhala pabedi n'kukoka zala za kuphazi ndi chitenje chokulunga. Ku Netherlands anachitapo kafukufuku mu 2012 pa anthu 80 opitirira zaka 55, amene ankawongola miyendo chonchi asanagone kwa masabata 6 kukokana kunachepa ndipo ululu unatsika poyerekeza ndi amene sankachita. Kukokana kukayamba, koka zala za kuphazi kulozetsa kubondo, kapena dzuka uponde pansi, makina sungawayatse nthawi imeneyo.

Mapiritsi a magnesium amene anthu amatumiza m'mabotolo akuluakulu aja, a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zachipatala, ataunika anapeza kuti kwa achikulire sakuoneka kuti amathandiza pa kukokana. Kwinini yemwe uja wa malungo kale ankaperekedwa pa vutoli kuno, koma mu 2010 a MHRA amene amayang'anira mankhwala ku UK anachenjeza kuti asamaperekedwe mwachisawawa chifukwa akhoza kuwononga tizigawo ta m'magazi tothandiza kuti magazi asiye kutuluka munthu akavulala, kuwonjezera pa kulira kwa m'makutu kumene tonse tikukudziwa. Nde wina asakuuzeni kuti agogo azimwa kwinini usiku.

Mawondo ndiye pamene ndinakhumudwa. M'bokosimo mumabwera timapadi tomata pathupi tokhala ndi mawaya, umamata pabondo kapena pamsana. Amayi amati tikakhala tikugwira ntchito ululu umazirala, koma akangochotsa n'kuimirira bondo lija ndi lomwe lija, kugwada kutchalitchi ndi kukwera masitepe a pakhonde kukuvutabe chimodzimodzi. Ndipo n'zomveka, nyamakazi ya ukalamba ndi kutha kwa kachichereŵechereŵe ka pakati pa mafupa, magetsi a kuphazi sangakabwezeretse. A NICE, amene amalemba malangizo a zachipatala ku England, mu 2022 ananena kuti madokotala asamapereke chithandizo cha magetsi chamtunduwu pa nyamakazi imeneyi chifukwa umboni woti chimathandiza ndi wosakwana, iwo amatsindika masewera olimbitsa minyewa ndi kuchepetsa thupi kwa amene ndi onenepa. Timapadito natonso sitinachedwe kusiya kumata chifukwa cha kutentha ndi fumbi la kwathu, ndipo tina toti tigwirizane ndi makinawo mng'ono wanga sanatipeze m'mafamase amene anafunsa.

Zimene zikuwathandiza mawondo ndi kukhala pampando n'kumawongola mwendo m'mwamba kuti ntchafu ilimbe, kudzuka ndi kukhala pampando mobwerezabwereza osagwira, kuyenda pang'ono m'mawa dzuwa lisanakwere, ndi jelo wa diclofenac wopaka. Apa ndipatukeko pang'ono chifukwa zimandipweteka mtima, makolo athu ambiri akumwa brufen ndi indocid tsiku lililonse wogula pa okala, ena m'mimba mulibe kanthu, ena akumwa limodzi ndi a BP. Mankhwala amenewa amaboola chifu ndi kuwononga impso mwakachetechete ndipo amakweza BP. Ngati amayi kapena abambo anu ali ndi kabotolo kameneko pansi pa pilo, nkhani imeneyo ndi yofulumira kuposa makina aliwonse. A fizio, akatswiri a masewera olimbitsa minyewa ndi mafupa aja, aliko ku zipatala zikuluzikulu monga Queens, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, ndipo kukaonana nawo olo kamodzi kuti akuphunzitseni masewera oyenera ndi kwanzeru.

Nde za amene sayenera kupondapo. Munthu amene anamuika pacemaker kapena kachipangizo kena ka magetsi ka mtima, ayi. Mayi woyembekezera, ayi. Amene ali ndi magazi oundana mu mtsempha wa mwendo kapena akuganiziridwa choncho, ayi ndithu, ndipo apa mpofunika kusamala chifukwa zizindikiro zake ndi zomwe zimapangitsa munthu kufuna makinawa, mwendo umodzi watupa, ukutentha, ukuwawa mu katumba. Ukaupopa mwendo umenewo chibuma cha magazicho chikhoza kuchoka n'kukatseka m'mapapo, munthu kufa kumene. Mwendo umodzi wokha ukatupa mwadzidzidzi ndi zakuchipatala tsiku lomwelo. Miyendo yonse iwiri ikatupa kwinaku munthu akubanika, akulephera kugona chagada, mwina ndi mtima kapena impso, makina sakukhudzana nazo. Pa chilonda kapena khungu losupuka osaikapo. Amene ali ndi khunyu afunse kaye adokotala.

A shuga ndi amene ndimawadera nkhawa kwambiri, chifukwa ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo ndaona mapazi ambiri. Shuga ikakhalitsa imapha mitsempha ya kumapazi, munthu amamva dzanzi kapena kuotcha kapena samva kalikonse, nde akhoza kukweza mphamvu mpaka kumapeto osadziwa, kapena kukhala ndi kachilonda kunsi kwa phazi kosakaona. Ngati adokotala avomera, pakhale munthu woyang'ana mapazi asanaponde ndi atamaliza. Ndipo abambo amene anasuta fodya zaka zambiri, amene akayenda kamtunda katumba amawawa n'kuima kaye ululu n'kutha, akayambanso n'kubwerera, phazi likuzizira, kumeneko si kukokana wamba, nthawi zambiri ndi mitsempha yobweretsa magazi yaphinjika, akayezedwe.

Za kagwiritsidwe kunyumba, pulagi ya kuno ndi ya kwathu ndi imodzi, ya mano atatu ija, ndipo magetsi ndi 230V konse, nde tinangolowetsa pasoketi. Amene mukugula ku Joni ambiri amabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, pafunika adaputa, a ku America onetsetsani pa tchaja ngati akulola 230V chifukwa kumeneko ndi 120V. Anga alibe batire, magetsi akazima madzulo nthawi yomwe amayi amafuna kupondapo ndiye basi tsiku lapita, nde ngati mungakwanitse gulani otchajisa. Rimoti yake ndi kakang'ono manambala osaoneka bwino kwa munthu wa maso ofooka, kabuku kake ndi ka Chingerezi chokhachokha ndipo machenjezo ofunika aja analembedwa timalemba ting'onoting'ono kumapeto, ndinachita kuwalemba pa pepala m'Chichewa n'kumata kunsi kwa makinawo kuti aneba akabwera kudzabwereka aziwerenga, chifukwa kubwereka ndiye amabwereka, simungaletse. Pafunikanso mpando weniweni woti mawondo apindike bwino, pamphasa kapena pa kampando ka kukhitchini sizitheka.

Chimene chimandikwiyitsa ndi anthu amene ndikuwaona pa Facebook akugulitsa makina ngati omwewa n'kumati amachiza shuga, amatsitsa BP, amasefa magazi, amadzutsa wa sitiroko, ena mpaka kumalipiritsa agogo kuti apondepo kwa kanthawi. Limenelo ndi bodza ndipo ndi loopsa, chifukwa kholo likamva choncho limasiya mapiritsi n'kumadalira chimbale cha pulasitiki. Munthu akakugulitsani osakufunsani za mtima, shuga kapena kutupa kwa mwendo umodzi, ameneyo musamugule.

Kwa munthu ngati amayi anga, woti kuchipatala anamuona, mtima uli bwino, koma amakhalitsa pansi ndipo akakolo amatupa, ndikhoza kugulanso, koma a batire. Kwa kholo loti likulimabe, likupita kumsika ndi kuchigayo wapansi, akatumba ake akupopa kale okha, ndalamazo muwagulire nsapato zofewa zokwana bwino ndi zolipirira galimoto yopita kwa a fizio. Mng'ono wanga anandiuza kuti ndidzatumize timapadi tina ta pabondo tija, ndamuyankha kuti ayi, ndimutumizira ndalama ya jelo ndi ndodo yabwino ya mphira kunsi yoti amayi azitsamira potsika pakhonde.