Sizoni yoyamba ya One Piece: gawo la 7 ndilo landibwezera ndalama ya bandulo

Sizoni yoyamba ya One Piece, imene Netflix inatulutsa pa 31 Ogasiti 2023, ili ndi magawo 8, ndipo gawo lililonse limatenga pafupifupi ola limodzi. Aliyense amene amaonera makanema pa intaneti akudziwa mmene maola amenewa amapwetekera m'thumba, chifukwa kuwonjezera pa ndalama ija timalipira mwezi ndi mwezi, pamafunikanso bandulo yoti ipirire mpaka kumapeto. Bandulo imene ndinagula, yomwe eni ake amailengeza kuti ndi ya mwezi wathunthu, inatha ndisanafike n'komwe pakati pa sizoniyi, ndipo nditaimba foni kuti ndidandaule, amene anandiyankha anangoti ndigule ina, kenaka n'kudula foni ndisanamalize kulankhula. Choncho theka loyamba ndinalionera mtima uli m'mwamba, ndikuwerengera mphindi iliyonse kuti yandidyera makwacha angati.

Nkhani yake inachokera m'mabuku a nthano za zithunzi a Eiichiro Oda wa ku Japan, amene anayamba kutuluka mu 1997. Mnyamata wina dzina lake Monkey D. Luffy, yemwe thupi lake limatamuka ngati mphira chifukwa cha chipatso chimene anadya ali mwana, akufuna kupeza chuma chimene Gold Roger, mfumu yakale ya achifwamba, anabisa, kuti akhale mfumu ya achifwamba a panyanja, ndipo sizoni yonseyi akungosonkhanitsa anzake oyenda nawo: Zoro wa malupanga atatu, Nami wodziwa mapu, Usopp wabodza ndi Sanji wophika. Iñaki Godoy, mnyamata wa ku Mexico amene akusewera ngati Luffy, poyamba anandikwiyitsa ndi kumwetulira kwake kosalekeza, koma pofika gawo lachiwiri ndinali nditamuzolowera, chifukwa nkhani yonse yatsamira pa munthu amene sakayika ngakhale pang'ono pa zimene akufuna. Zombo zake n'zogwirika, zomangidwa ndi matabwa enieni ku Cape Town Film Studios ku South Africa, ndipo munthu amaona yekha kuti osewerawo akuponda pa chinthu cholimba osati pa zojambula za pa kompyuta. Apa ndalama anaiwononga pa malo oyenera.

Mavuto anayamba pa gawo lachitatu ndi lachinayi, m'mudzi wa Syrup. Magawo awiri athunthu atsekeredwa m'nyumba yaikulu ya mtsikana wodwala Kaya, ndipo mbali yaikulu ikuchitika usiku, mazenera atatsekedwa, moti pa foni yanga ndinkangoona mdima ndi nkhope yanga yomwe ikuonekera pa galasi. Ndinakweza kuwala kwa foni mpaka pamapeto, batire n'kumatha, koma ndinkavutikabe kuzindikira amene akuthamangitsa mnzake. Ojambula kanemayu akuoneka kuti ankaganizira anthu okhala ndi ma TV akuluakulu m'zipinda zothimitsa magetsi, pomwe ambiri a ife timaonera pa kachipangizo ka m'manja, nthawi zina masana pakhonde. Choipa kwambiri n'chakuti magawo amenewa ndiwo anayenera kutidziwitsa bwino Usopp, mnyamata amene amanamiza mudzi wonse tsiku ndi tsiku kuti achifwamba akubwera, mpaka tsiku limene akunena zoona palibe womukhulupirira. Mfundoyi ndi yabwino, koma Usopp sanapatsidwe mpata wochita chinthu chachikulu m'mudzi wa kwawo. Kuro, wantchito wachinyengo wa m'nyumba ya Kaya, akugonjetsedwa ndi Luffy, nthawi yambiri ikupita kwa Zoro amene ali m'chitsime kukumbukira mnzake wa paubwana Kuina, ndipo Usopp akukwera chombo cha Going Merry ngati munthu amene wangopatsidwa lifiti. Apa m'pamene bandulo ija inathera, ndipo ndinatsala pang'ono kuisiya sizoni yonse.

Chinanso chimene chinkanditopetsa ndi nkhani ya Garp, mkulu wa asilikali a panyanja, ndi anyamata ake awiri Koby ndi Helmeppo. Nthawi iliyonse imene ulendo wa Luffy wayamba kukoma, kanema amatibweza ku chombo cha Garp kukamvera malangizo. Vincent Regan wasewera bwino, ndipo kuulula msanga kuti Garp ndi agogo ake a Luffy si kolakwika, koma mphindi zimene nkhaniyi yadya n'zambiri kuposa zimene yabweza.

Mtima unayamba kutsika pa Baratie, malo odyera oyandama panyanja okhala ndi mutu wa nsomba. Mihawk, katswiri wa lupanga amene akuseweredwa ndi Steven Ward wa ku South Africa, akugonjetsa Zoro ndi kampeni kakang'ono kamene amavala m'khosi, ndipo kunyoza kumeneko kumapweteka kuposa bala limene akumusiyira pachifuwa pambuyo pake. Nkhani ya Sanji ndi Zeff, mwini wa malo odyerawa, amene anatsakamira pa thanthwe pakati pa nyanja ndipo mkuluyo anapereka chakudya chonse kwa mwana, iye n'kudya mwendo wake womwe, yafotokozedwa mwachidule koma mogwira mtima.

Koma chimene chandichititsa kulemba ndemangayi ndi gawo la 7. Kuyambira pachiyambi Nami amaoneka ngati wakuba wopanda chisoni, amene amakana kutchedwa mnzake wa aliyense, ndipo pa Baratie akuwasiya anzakewo n'kupita ndi Arlong, mtsogoleri wa anthu ooneka ngati nsomba. M'gawo limeneli m'pamene tikudziwa chifukwa chake. Arlong atalanda mudzi wa Coco analamula kuti munthu aliyense azilipira msonkho wa moyo wake, ndipo Belle-Mère, mayi amene analera Nami ndi mkulu wake Nojiko ngakhale sanawabereke, analibe ndalama yokwanira anthu atatu. Akanatha kukana kuti alibe ana n'kupulumuka, koma ananena poyera kuti ndalamayo ndi ya ana ake awiri, ndipo anaphedwa anawo akuona. Nami, adakali kamtsikana, anapangana ndi wakupha mayi akeyo kuti azimujambulira mapu mpaka atasonkhanitsa ndalama zokwana 100 miliyoni za kumeneko zoti awombolere mudzi. Anaba kwa zaka 8, akudedwa ndi anthu omwe ankawavutikirawo, ndipo ndalamazo atazisonkhanitsa, Arlong anatuma Nezumi, msilikali wa boma amene amadya naye, kuti akazilande m'dzina la lamulo. Amene anaonapo wa yunifolomu akugwirizana ndi wakuba sadzafuna womumasulira pamenepa.

Zimene zikutsatira ndinazibwereza ngakhale ndinkadziwa kuti bandulo yachiwiri ikupita. Nami wagwada pansi pa msewu wa m'mudzi, watenga mpeni ndipo akudzibaya paphewa pamene anadindidwa chizindikiro cha Arlong, akutchula dzina la mdaniyo mobwerezabwereza. Luffy, amene anakana kumvera mbiri ya Nami kwa munthu wina, akufika n'kumugwira dzanja. Nami akumukalipira kuti achoke chifukwa sakudziwa chilichonse, Luffy akuvomera kuti sakudziwadi, koma sakusuntha. Pakupita kanthawi palibe wolankhula, kenaka Nami akutembenuka misozi ili mbwembwembwe n'kupempha kuti amuthandize, mawu amene wakhala akuwakana sizoni yonse. Luffy akuvula chipewa chake cha udzu, chija anapatsidwa ali mwana ndi wachifwamba wina dzina lake Shanks ndipo salola munthu kuchikhudza, n'kumuveka Nami kumutu. Emily Rudd, amene akusewera ngati Nami, wasewera malo amenewa mosakokomeza, mawu ake akuchita kusasa ngati a munthu amene walira kwenikweni, ndipo opanga kanemayu anachita bwino kusathamangira nyimbo kapena ndewu nthawi isanakwane. Chipewa chija anali atatikonzekeretsa kuyambira gawo loyamba, n'chifukwa chake kuvulidwa kwake kukulemera chotere. Pamenepa ndinaiwala za amene anandidulira foni uja.

Komabe gawo lomaliza silinasunge bwino zimene gawo la 7 linamanga. Arlong wa McKinley Belcher III ndi mdani wokhala ndi chifukwa, pakuti amakumbutsa kuti anthu a mtundu wake anagwidwapo ukapolo ndipo amanyozedwa, koma ndewu yake ndi Luffy m'chipinda cha mapu ikutha msanga, chifukwa mphindi zina anazisungira Garp kuti adzamenye mdzukulu wake kenaka n'kunena kuti ankangomuyesa. Mudzi umene wavutika zaka 8 unayenera kupatsidwa nthawi yokwanira yopuma ndi kulira, osati kusanduka bwalo la mkangano wa pabanja la eni. Sindinakondenso kuti m'kanemayu anthu a m'mudzi sankadziwa za pangano la Nami, pomwe m'mabuku a Oda ankadziwa koma ankanamizira kusadziwa kuti mwanayo akhale womasuka kuthawa ngati atatopa. Kusintha kumeneku kwachepetsa ulemu wa anthu a ku Coco ndipo kwawasandutsa ongodikira kupulumutsidwa.

Zoti akonze n'zoonekeratu. Awonjezere kuwala m'zochitika za usiku, achepetse chizolowezi choika kamera pafupi kwambiri ndi nkhope mpaka mphuno kuoneka yotupa, ndipo magawo akhale 10 m'malo mwa 8 kuti Usopp ndi Sanji apeze malo awoawo. Ulendo wa panyanja ukufunikanso nyanja yeniyeni: chombo chimachoka pa chilumba china n'kufika pa china ngati palibe mphepo, njala kapena kusochera, pomwe nkhani yonse ikunena za anthu ofuna kulowa m'nyanja yoopsa ya Grand Line. Buggy wa Jeff Ward, wanthabwala wa mphuno yofiira amene thupi lake limaduka zidutswazidutswa, asamuchotse, chifukwa ngakhale atatsala mutu wokha m'thumba amaseketsa kuposa ena onse.

Makolo adziwe kuti ngakhale nkhaniyi ili ndi nkhono zogwira ntchito ngati foni ndi zina zooneka zachibwana, muli magazi ndi mawu otukwana, ndipo m'gawo loyamba lomwe Zoro akudula munthu pakati. Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5, ndipo imodziyo ndachotsa chifukwa cha mdima wa ku Syrup ndi kuthamanga kwa gawo lomaliza. Amene ali ndi bandulo yochepa atsitsiretu magawowa pamene pali Wi-Fi, ndipo lachitatu ndi lachinayi aonere usiku.