Mbale za nyimbo zogula mu Lusaka: zomwe zaoneka chitadutsa chilimwe ndi dzinja

Mbale yakale simuidziwa tsiku loigula. Mumaidziwa ikatsukidwa, ikazungulira kangapo pansi pa singano, ndiponso ikapirira fumbi la Ogasiti, kutentha kwa Okutobala ndi chinyontho cha Januwale. Mbale zomwe tikunena pano zadutsa zonsezo. Zinachokera kutatu: m'masutikesi ndi m'makabati a m'makomo, kwa ogulitsa a pa Discogs (webusaiti yogulitsirapo mbale za nyimbo), ndi zatsopano zodindidwanso kunja.

Za m'makomo ndizo zili ndi nkhani yaitali. Zambiri ndi za m'ma 1970 ndi 1980, za Zamrock (nyimbo za rock za ku Zambia) ndi kalindula, zodindidwa ndi Teal Record Company ku Ndola. Kuzungulira m'misika ya zakale kumangotha nsapato. Njira yabala zipatso ndi kufunsa akuluakulu a m'madera akale monga Kabwata, Libala, Chilenje ndi Matero, makamaka amene ankaimbitsa nyimbo pa maukwati. Pitani ndi munthu amene banjalo likumudziwa, ndipo musawadyere masuku pamutu agogo: mbale yoyambirira ya magulu a Zamrock monga WITCH, Amanaz kapena Ngozi Family imagulidwa ndalama zambiri kunja, choncho onani mtengo wake pa Discogs muli nawo limodzi.

Chomwe miyeziyi yatsimikiza ndi chakuti litsiro limachoka koma mizere yodyeka sichira. Mbale zomwe zinali zokutidwa ndi fumbi, zina mpaka ndowe za mphemvu, lero zikuimba bwino. Zomwe zinkaoneka zoyera koma mizere yake ili yotuwa zikulirabe mokhadzula, makamaka woimba akakweza mawu ndi pa nyimbo zakumapeto, pafupi ndi lebulo. Kutuwa kumeneko ndi chipsera cha singano yolemera kapena yobuntha ya magalamafoni akale, yomwe inapala makoma a mzere. Palibe mankhwala ake.

Ndiye musanapereke ndalama, itulutseni m'chikuto, muiwalitse ndi tochi ya foni chopendeketsa. Mkwaso umene chala chikuumva udzamvekanso m'sipika ulendo uliwonse mbale ikazungulira. Umene ukungooneka koma osamveka ku chala nthawi zambiri suvuta. Mkwaso wotsata mzere ndiwo woipa kuposa wodutsa chopingasa, chifukwa ndi umene umalumphitsa singano. Ikwezeni pa mulingo wa maso muone ngati inapindika. Yang'ananinso pozungulira kabowo ka pakati: tizikwawu tambiri pa lebulo tikutanthauza kuti inaimbidwa kosaleka. Pomaliza werengani lebulo ndi manambala ozokotedwa pamalo osalala pafupi nayo, poti m'makomo mbale kulowa m'chikuto cha inzake si zachilendo.

Kutsuka kwake: magawo 3 a madzi osungunula, aja othira m'batire ya galimoto, ndi gawo limodzi la sipiriti wa isopropyl wa ku famase, kuonjezapo dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale za kukhitchini pa theka la lita. Werengani botolo, musasokoneze madziwo ndi asidi. Madzi a pampopi kapena a pachitsime muno mu Lusaka ali ndi laimu wambiri, ndipo akauma amasiya zoyera m'mizere zomwe zimathetheka kuposa fumbi lomwe munkachotsa. Sipiriti wofiirira uja ayi. Pukutani ndi kansalu kofewa motsata mizere, lebulo isanyowe, tsukuluzani ndi madzi osungunula okha, ndipo iume itaimirira pamthunzi. Mbale zolemera zozungulira ka 78 pa mphindi si za pulasitiki ya vinyl, ndi za utomoni wa shellac, ndipo isopropyl amaziwononga.

Vuto lomwe linadikira mvula ndi nkhungu. Mbale zotsukidwa bwino zomwe zinabwezedwa m'mapepala ake akale zinachitanso mawanga pofika Febuluwale, chifukwa nkhunguyo imakhala m'pepala. Zomwe zinalowa m'timatumba tatsopano ta pulasitiki yofewa sizinasinthe. Pepala lakale lisungeni padera ngati lili ndi zithunzi kapena mawu a nyimbo.

Za pa Discogs zafika monga zinalonjezedwa pokhapokha giredi imene wogulitsa waipatsa ikakhala VG+ (yabwino kwambiri) kapena NM (pafupifupi yatsopano). Pa giredi yotsikirapo ya VG yembekezani kuthetheka m'malo a phee. Funsani ngati wogulitsa anaimvetsera kapena anangoiyang'ana. Chopweteka ndi mtengo wotumizira, umene kawirikawiri umaposa wa mbale imodziyo, ndipo ikafika pali msonkho wa kasitomu ndi VAT ya 16 peresenti. Kugula zinayi kapena zisanu kwa munthu mmodzi kumachepetsa ululuwo. Mupempheni atulutse mbale m'chikuto, aziike moyandikana pakati pa makatoni olimba. Ikayenda ili m'kati, imang'amba m'mphepete mwa chikuto. Phukusi likafika musalisiye m'galimoto yoima padzuwa, ngakhale kwa ola limodzi.

Kwa amene akufuna kumvetsera osati kusunga chuma, zodindidwanso ndizo zapambana. Now-Again Records ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo za magulu angapo a Zamrock, kuphatikizapo zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock! mu 2017. Mizere yake ndi yatsopano, siinadyekepo. Zolembedwa kuti magalamu 180 zisakukopeni. Kulemera sikukometsa mawu. Chilema cha zodindidwanso n'chakuti nyengo youma zimakoka fumbi kwambiri, moti burashi ya carbon fibre imafunika musanaike singano nthawi iliyonse.

Mbale zambiri zabwino zimafera pa choimbira. Tizoimbira tija tooneka ngati kasutikesi timapondereza singano ndi magalamu 5 kapena kuposa, pamene katiriji (kamutu konyamula singano) ngati Audio-Technica AT-VM95E imafuna magalamu 2 okha; kasikelo kakang'ono ka singano kamathetsa zongoganizira. Singano isinthidwe ikakwanitsa maola pakati pa 500 ndi 1,000, ndipo ya pa choimbira chogula chakale isinthidwe tsiku lomwelo. Chenjerani ndi zoimbira zochokera ku America. Malaiti athu ndi 230V pa 50Hz, awo ndi 120V pa 60Hz. Thiransifoma imakonza ma volt okha, choncho mota yodalira 60Hz imazungulira pafupifupi ka 28 pa mphindi m'malo mwa 33⅓, nyimbo n'kumamveka yolefuka. Malaiti akathima mbale ili pakati, nyamulani singano musanachite china chilichonse, ndipo zimitsani pakhoma mpaka abwerere bwinobwino. Ma inverter otchipa amalowetsa kulira kwa mmm m'sipika.

Posunga, ziimirire chilili, zosapanikizana komanso zosatsamira chopendekera. Shelefu ikhale pamwamba pa simenti, kutali ndi khoma lowombedwa ndi dzuwa la masana. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, shelefu yapamwamba ndiyo inapinda mbale mu Okutobala, pamene zapansi zinatuluka zili zowongoka.