Ndemanga yanga pa sukulu yoyendetsa galimoto yomwe ndinaphunzirako ku Limbe

Ndatenga laisensi yanga ya Code B, ya galimoto zing'onozing'ono, mwezi wathawu, ndipo amayi anzanga kumsika akhala akundifunsa ngati sukulu imene ndinapitako ili bwino. Ndimawauza kuti inde, koma ubwino wake uli mwa mphunzitsi amene anandipatsa, osati mu ofesi yawo.

Ndinapita ndisanagwirepo chiwongolero chibadwire. Pa zamapepala anandithandiza ndithu: anandiuza kuti ndiyambe ndalembetsa ku Road Traffic ku Ginnery Corner, nditenge khadi ya traffic register, kenako ndilembe mayeso a malamulo a pamsewu kuti ndipeze chiphaso chophunzirira. Highway Code, buku la malamulo a pamsewu, ndinkawerenga usiku ana atagona, ndipo aphunzitsi ankandifunsa zikwangwani tili pamsewu pomwepo, kuloza chimodzi n'kunena kuti, "Mayi, ichi chikukuuzani chiyani?" Zinandilowa msanga kusiyana n'kuloweza za m'buku.

Ine ndinkafuna galimoto ya otomatiki chifukwa anthu ankati njosavuta. Aphunzitsiwo anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ngati cholinga changa n'kudzanyamula katundu pa pikapu, ndiphunzire ya magiya. Sabata yoyamba inali yowawa. Galimoto inkangozima ndikafuna kunyamuka, mwendo wamanzere unkanjenjemera pa kilatchi. Sanandikalipirepo ngakhale kamodzi. Ankazimitsa wailesi, n'kundiuza kuti ndimvetsere injini, kuti ikasintha kalilidwe ndipo kutsogolo kwa galimoto kukadzuka pang'ono, ndiye kuti kilatchi yagwira, ndisiye hendibuleki.

Apa ndi pomwe ndikuwayamikira kwambiri. Blantyre ndi mzinda wa zitunda, ndipo munthu amene satha kunyamuka pachitunda popanda kubwerera m'mbuyo sanaphunzire kuyendetsa. Anandipititsa ku misewu yokwera ya ku Soche masiku angapo otsatizana. Ankaika mwala kumbuyo kwa tayala, patali pang'ono, n'kunena kuti tayala likaukhudza tiyambirenso. Tsiku lina tinabwereza mpaka ndinalira. Anandisiya ndipume, anandigulira madzi, kenako anati, "Tiyeni mayi, kamodzi kokha." Ulendo umenewo mwala sunakhudzidwe.

Sanandibise m'misewu yopanda anthu ayi. Nditazolowera magiya, anandilowetsa mu Limbe masana, pomwe minibasi imaima paliponse pamene kondakitala waona munthu, akabaza akudutsa mbali zonse ziwiri, ogulitsa malonda ali m'mphepete mwenimweni mwa phula. Pa raundabauti ya Chichiri, mumsewu wa Masauko Chipembere, ndi pomwe ndinamvetsa zopereka mpata kwa wochokera kumanja, ndiponso kusankhiratu mzere usanafike. Mawu awo a tsiku lililonse anali akuti galasi, indiketa, kenako cheukani. Ankati wanjinga yamoto amabisala pamalo pomwe galasi siliona.

Zodandaula zilipo, ndipo sindizibisa chifukwa ndalama ndinalipira yochuluka kwa ine. Polembetsa anandiuza kuti ndiziyendetsa ola lathunthu patsiku. Zoona zake n'zakuti tinkakwera ophunzira anayi m'galimoto imodzi, aliyense n'kugwira chiwongolero mwina mphindi 20, nthawi yotsalayo uli kumbuyo kuonerera. Kuonerera kumaphunzitsa pang'ono, komabe si zimene tinagwirizana. Kawiri konse ndinatseka benchi yanga, kukwera minibasi kupita kumeneko, n'kungouzidwa kuti galimoto ili ku galaja. Kuimba foni kokha bwenzi nditagulitsa tsiku limenelo. Nditadandaula anandibwezera masikuwo, koma zinatengera kuwakumbutsa kangapo.

Masiku omwe ndinalipirira atatha, ndinkafunitsitsa kukayesedwa. Aphunzitsi anakana, ati rivesi yanga sinakhwime, ndimayang'ana galasi limodzi lokha. Ndinakhumudwa, ndinkaganiza kuti akufuna ndiwonjezere ndalama. Sanafune kanthu. Anandiuza ndizibwera m'mawa kwambiri ena asanafike, tinkaika zigubu pabwalo n'kumalowa chambuyo pakati pake, sabata yathunthu.

Tsiku la mayeso ndinali ndi mantha, manja thukuta lokhalokha. Nditalowa ndinakonza mpando, magalasi, kumanga lamba, monga ndinazolowera. Rivesi inayenda bwino. Pamsewu tinafika pamalo okwera pomwe ndinayenera kuima, kumbuyo kuli galimoto ina pafupi. Ndinakoka hendibuleki, ndinamvetsera injini, ndinanyamuka osabwerera. Ndinakhoza ulendo woyamba womwewo.

Amene mukufuna kulembetsa pasukulu ngati imeneyi, funsani kuti m'galimoto mumakwera anthu angati komanso mphindi zenizeni zomwe mudzagwire chiwongolero, ndipo akulembereni pa lisiti. Funsaninso ophunzira akale kuti mphunzitsi woleza mtima ndi uti, mumupemphe ameneyo. Ine mng'ono wanga ndamulembetsa komweko, ndipo ndinapita naye ndekha kukaonetsetsa kuti amupatsa bambo omwewo.